Galu Akadwala Kwambiri: Chakudya, Zitsamba ndi Chisamaliro cha Pakhomo

Galu wanga anakhala nane miyezi 14 kuchokera tsiku limene anamupeza ndi matenda a impso. Chiyambire nthawi imeneyo, aliyense amene galu wake wagona amabwera kwa ine ndi funso limodzi lomwelo: "Inu munkamupatsa chiyani?" Wofunsayo amayembekezera kuti nditchula chitsamba chimodzi kapena kabotolo kamodzi, apite akagule, galu adzuke. Ndayankha kambirimbiri, pena pa foni usiku, pena munthu akulira. Ndaona kuti ndilembe kamodzi, kuti wotsatira awerenge modekha.

Kabotolo kameneko kulibe. Chakudya choyenera ndi njira zina zothandizira zilipodi ndipo zimagwira ntchito, koma ntchito yake ndi kuchepetsa ululu, kusunga thupi la galu ndi kumuwonjezera masiku abwino. Zimayenda limodzi ndi chithandizo cha dokotala wa ziweto. Zikalowa m'malo mwake, amene amavutika ndi galu.

1. Dziwani dzina la matenda musanagule chilichonse

"Wafooka, sakudya, waonda" si matenda. Ndi zizindikiro za matenda ambirimbiri, ndipo ena mwa iwo amachira msanga akapezeka pa nthawi yake. Galu amene nkhupakupa zamupatsa matenda a m'magazi otchedwa babesia amayera nkhama ndi kufooka ngati akufa, koma jakisoni woyenera amamudzutsa. Chotupa chotuluka magazi kumaliseche, chimene agalu amapatsirana pokwerana, chimaopsa pochiona, komabe agalu ambiri amachira ndi jakisoni wa vincristine wobaya kamodzi pa mlungu kwa milungu 4 mpaka 6. Galu wamkazi amene chiberekero chake chadzaza mafinya amafunika opaleshoni, ndipo tsiku lililonse limene mukumumwetsa zitsamba likumuyandikizitsa ku imfa.

Choncho pitani naye akamuyeze magazi, mkodzo, ndipo ngati pali chotupa atengeko kachidutswa akakaunike. Musamuyambitse nokha mankhwala ochepetsa kutupa otchedwa prednisolone chifukwa mnzanu anatsala nawo. Pa khansa yotchedwa lymphoma, mankhwalawa amafotetsa zotupa kwa kanthawi, zoyeza zimavuta kuwerenga, ndipo chithandizo chenicheni chikhoza kusagwira bwino pambuyo pake.

Mukakhala pamaso pa dokotala, funsani zinthu zinayi ndipo mulembe mayankho: kodi matendawa amachira kapena timangowachepetsa mphamvu? Galuyu akumva ululu? Ndi zakudya ziti zimene ayenera kupewa? Ndikaona chiyani usiku ndithamange naye osadikira kuche?

Chenjezo limodzi tisanapite patali. Galu amene wasintha khalidwe mwadzidzidzi, akuchucha dovu, akulephera kumeza kapena nsagwada yalendewera, musamupise dzanja m'kamwa pofuna kuchotsa fupa kapena kumumwetsa mankhwala. Chikhoza kukhala chiwewe, makamaka ngati sanabayitse katemera. Mutsekereni payekha ndipo muitane a zaziweto.

2. Pezani kope ndi themomita

Maso a munthu amene amakonda galu wake amanama. Lero mudzaona ngati wachira chifukwa wagwedeza mchira, mawa mudzaona ngati watha chifukwa wakana mbale. Kope silinama. Tsiku lililonse lembani zimene wadya ndi kuchuluka kwake, madzi amene wamwa, kusanza, chimbudzi, mankhwala ndi nthawi yake. Kamodzi pa mlungu lembani kulemera kwake.

Manambala oti muwadziwe ndi awa. Kutentha kwa thupi la galu, poyeza kotulukira chimbudzi, kumakhala pakati pa madigiri 38 ndi 39.2. Kukafika 40 kapena kutsika pansi pa 37.5, imbani foni. Akagona tulo, werengani kupuma kwake kwa mphindi yathunthu: kupitirira 30 mobwerezabwereza ndi chizindikiro choipa, makamaka kwa galu wodwala mtima. Kwezani mlomo muone nkhama. Ziyenera kukhala zofiirira pang'ono ndi zonyowa, ndipo mukadina ndi chala mtundu ubwerere masekondi awiri asanakwane. Nkhama zoyera, zachikasu kapena zobiriwira ngati zakuda sizidikira mawa. Madzi, galu amafunika mamililita 50 mpaka 60 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake patsiku, ndiye kuti wa makilogalamu 20 amwe lita imodzi kapena kupitirira pang'ono. Wodwala impso kapena shuga amamwa kuposa pamenepo, ndipo musamuletse.

3. Ikani patali zinthu zimene zimapha agalu pamene mwini akufuna kuthandiza

Poyamba mankhwala a anthu opha ululu. Ibuprofen, diclofenac ndi naproxen amaboola zilonda m'mimba mwa galu ndi kuwononga impso, ngakhale pa mlingo umene kwa inu ndi wochepa. Paracetamol perekani pokhapokha dokotala wakulemberani mlingo wake. Ngati galu ali pa prednisolone, musawonjezere aspirin, meloxicam kapena carprofen, chifukwa kuphatikiza kumeneku kumatulutsa magazi m'mimba. Komanso prednisolone ndi mankhwala a khunyu monga phenobarbital sasiyidwa mwadzidzidzi. Amachepetsedwa pang'onopang'ono motsatira dokotala.

Kenako za kukhitchini: anyezi ndi adyo, kaya ndi zaziwisi, zophika kapena zaufa, zimaphwanya maselo ofiira a magazi. Ndimatsindika za adyo chifukwa anthu ambiri amamupereka poganiza kuti akulimbitsa thupi kapena kuthamangitsa nkhupakupa, pamene galu wodwalayo magazi ake ndi ochepa kale. Mphesa ndi mphesa zouma zimaimitsa impso. Chokoleti, mowa, khofi ndi chotsekemeretsa chotchedwa xylitol, chimene chimapezeka mu chingamu ndi zakudya zina zolembedwa kuti zilibe shuga, zonsezi ndi poizoni. Mafupa ophika amanyenyeka n'kubaya matumbo.

4. Chakudya chitsatire matenda, osati zimene mwawerenga pa intaneti

Palibe chakudya chimodzi cha agalu onse odwala. Chimene chimathandiza wina chimagonetsa mnzake.

Wodwala impso amafunika fosifolasi wochepa (umodzi mwa michere yopezeka m'zakudya), ndiye kuti chiwindi, mafupa, tchizi ndi nsomba zodyedwa ndi minga yomwe zichepe kwambiri. Mapuloteni asachotsedwe onse, angokhala ochepera koma abwino, monga choyera cha dzira chophika. Wodwala kapamba, matenda amene madokotala amati pancreatitis, mdani wake ndi mafuta: chikopa cha nkhuku kapena kachidutswa ka nyama yonona kangamubwezere kuchipatala. Wodwala mtima achepetse mchere. Wa shuga adye chakudya chofanana, pa nthawi yofanana, mogwirizana ndi jakisoni wake wa insulin. Wa khansa, chachikulu ndi chakuti asaonde. Mudzamva kuti khansa ingaphedwe ndi njala pomumana mpunga ndi mbatata. Ine ndimati galu wa khansa amene akudya mpunga ndi nkhuku ali pabwino kuposa amene akuyang'ana mbale ya chakudya "choyenera" osachikhudza.

Kuti mudziwe kuchuluka kwake, werengerani chonchi: kulemera kwake m'makilogalamu kuchulukitsa ndi 30, n'kuwonjezera 70. Galu wa makilogalamu 10 amafunika makalori (muyeso wa mphamvu ya m'chakudya) pafupifupi 370 patsiku atangogona osachita kanthu, wa makilogalamu 20 pafupifupi 670. Kuwerengera kumeneku kumagwira kwa agalu a pakati pa makilogalamu 2 ndi 45. Yambirani pamenepo, kenako sikelo ikuuzani ngati muwonjezere.

Kuphika nokha n'kotheka ndipo agalu ambiri odwala amakonda zophikidwa pakhomo. Mpunga wofewa, nyama ya nkhuku yowiritsa yopanda chikopa ndi dzungu pang'ono zimasunga galu kwa masiku angapo m'mimba mukavuta. Koma kwa miyezi sizikwanira. Mu 2013 akatswiri a pa yunivesite ya California ku Davis anaunika maphikidwe 200 a chakudya cha agalu ochokera m'mabuku ndi pa intaneti, ndipo 95 pa 100 alionse anali operewera pa chinthu chimodzi kapena zingapo zofunika m'thupi. Chimodzi mwa zimene zimasowa kawirikawiri ndi kashiamu, amene amamanga mafupa, chifukwa nyama yopanda fupa ili ndi fosifolasi wambiri koma kashiamu wochepa. Ufa wa zikhokho za mazira zowiritsa ndi kuumitsa umathandiza, koma mlingo wake, pamodzi ndi mavitamini, upemphe kwa dokotala malinga ndi matenda a galu wanu.

Nyama yaiwisi isiyeni kaye. Imatha kunyamula tizilombo toyambitsa matenda totchedwa Salmonella ndi Listeria, ndipo galu amene ali pa mankhwala a khansa kapena prednisolone chitetezo chake ndi chofooka. Inunso amene mukumupukuta tsiku ndi tsiku mukhoza kutengera.

5. Akakana kudya

Apa ndi pamene malangizo ambiri amangoti "mulimbikitseni kuti adye" n'kupitirira. Koma apa ndi pamene mudzathere maola ambiri, mutakhala pansi ndi mbale m'manja.

Choyamba mvetsani chifukwa chake. Galu wodwala nthawi zambiri sakana chakudya chifukwa sichikoma. Amakana chifukwa ali ndi nseru kapena ululu. Muoneni: akabwera pa mbale, kununkhiza, kunyambita milomo, kumeza malovu n'kutembenuza mutu, imeneyo ndi nseru. Akamapuma wefuwefu kusakutentha, kunjenjemera, kusowa pogona, kapena kugwetsa chifuwa pansi matako ali m'mwamba, umenewo ndi ululu. Ngati simuthana ndi ziwirizi, mukhoza kuphika mbale khumi zonse n'kutayidwa. Pali mankhwala a nseru monga maropitant ndi ondansetron, palinso odzutsa chilakolako cha chakudya monga mirtazapine ndi capromorelin. Funsani dokotala mowatchula mayina. Ine ndinataya pafupifupi milungu iwiri ndikusinthasintha zakudya ndisanadziwe kuti vuto linali nseru, ndipo galu wanga anaonda m'masiku amenewo thupi limene sanalibwezerenso.

Chachiwiri, musamukakamize. Galu akadya kapena kukakamizidwa chakudya ali ndi nseru, ubongo wake umalumikiza fungo la chakudyacho ndi kudwala, ndipo akhoza kuchikana mpaka kalekale. N'chifukwa chake chakudya chapadera cha impso sichiyambitsidwa tsiku limene akusanza kapena atangotuluka m'chipatala. Dikirani akhazikike, kenako muzisakaniza pang'onopang'ono ndi chimene anazolowera kwa mlungu umodzi kapena iwiri. Pa chifukwa chomwechi, musabise mapiritsi owawa m'chakudya chake chenicheni. Akaluma piritsi kamodzi, mbale yonse aiona ngati msampha. Bisani m'kanthu kena kosiyana, kapena mumwetseni padera.

Chachitatu, kaperekedwe. Tenthetsani chakudya chifunde ngati thupi, chifukwa fungo ndi limene limaitana galu. Koma amene ali ndi nseru yambiri nthawi zina amalola chozizira chifukwa sichinunkha, ndiye yesani zonse ziwiri. Perekani pang'ono, supuni ziwiri kapena zitatu, kasanu kapena kasanu ndi kamodzi patsiku. Mbale yodzaza imamugwetsa ulesi. Yesani mbale yafulati, yesani padzanja, yesani malo ena osati pamene amamwera mankhwala. Mukamuikira, musamuime pamutu mukumuyang'anitsitsa, chifukwa nkhawa yanu amaimva. Khalani pambali, muzimusisita. Akapanda kudya pa mphindi 15, chotsani mbale, mudzayesenso pakapita maola awiri. Msuzi wa nkhuku wowiritsa nokha, wopanda mchere ndi anyezi, umathandiza kufewetsa chakudya ndi kumumwetsa madzi. Timabulo togula tokometsera msuzi musagwiritse ntchito, muli mchere wambiri ndi ufa wa anyezi.

Mukafuna kumumwetsa madzi ndi sirinji yopanda singano, ikani m'mbali mwa tsaya, mutu uli mowongoka osati chagada, dontho ndi dontho, mukudikira ameze. Galu amene akusanza, amene ali ngati wakomoka, kapena amene sakumeza bwino musamumwetse chilichonse. Madzi kapena phala zikalowa m'mapapo zimabweretsa chibayo, ndipo chibayo chimenecho chimapha msanga kuposa matenda amene mukulimbana nawo. Galu wotero amafunika dripi. Kwa wodwala impso, dokotala akhoza kukuphunzitsani kuika madzi a dripi pansi pa khungu muli kunyumba. Zimaopsa tsiku loyamba lokha.

Chachinayi, werengani masiku. Galu wamkulu akatha masiku awiri osadya chilichonse, dziwitsani dokotala. Kamwana ka galu kapena galu wochepa thupi musadikire ngakhale tsiku limodzi, chifukwa shuga wake amatsika msanga. Wa matenda a shuga akakana kudya, funsani musanamubaye insulin. Zikafika masiku atatu kapena asanu, kambiranani za kachubu kodyetsera kamene amakalowetsa pakhosi. Anthu ambiri amakana poganiza kuti ndi nkhanza, koma agalu ambiri amakazolowera, amatha kudyabe pakamwa, ndipo nkhondo ya mbale ndi mapiritsi imatheratu. Akayambanso kudya atakhala masiku angapo ndi njala, musamudzazire mbale chifukwa cha chisangalalo. Tsiku loyamba mupatseni gawo limodzi mwa magawo atatu a chakudya chake, lachiwiri magawo awiri, lachitatu chonse.

6. Zitsamba ndi njira zina: chimodzi pa nthawi imodzi

Lamulo langa ndi ili: uzani dokotala chilichonse chimene mukufuna kupereka, yambani chimodzi chokha, dikirani mlungu wathunthu mukulemba m'kope, kenako muganize zowonjezera china. Mukayamba zinthu zisanu tsiku limodzi galu n'kutsegula m'mimba, simudziwa chochotsa.

Chimene chili ndi umboni wabwino kuposa zonse ndi mafuta a nsomba, chifukwa cha mitundu iwiri ya mafuta imene ilimo, yotchedwa EPA ndi DHA. Amathandiza pa nyamakazi, impso ndi mtima. Yambani pang'ono chifukwa amatsegula m'mimba, samalani nawo kwa wodwala kapamba, ndipo muuze dokotala opaleshoni isanachitike. Musawasokoneze ndi mafuta a chiwindi cha nsomba, amene ali ndi mavitamini A ndi D ochuluka omwe amaunjikana m'thupi. Pa chiwindi, madokotala ambiri amapereka mankhwala othandizira otchedwa SAMe ndi silybin wochokera ku chomera chotchedwa milk thistle. SAMe amamwedwa m'mimba mulibe kanthu. Acupuncture, njira yobaya tisingano ting'onoting'ono m'malo osankhidwa a thupi, imapepuza ululu wa msana ndi mafupa kwa agalu ena, bola wochitayo akhale wophunzira za ziweto. Kusisita minofu ndi kuthowa ndi kansalu kofunda mungathe kuchita nokha, koma osati pa chotupa kapena pamalo potupa ndi kutentha.

Mafuta a CBD, ochokera ku chomera cha chamba, anayesedwa pa yunivesite ya Cornell mu 2018 kwa agalu a nyamakazi ndipo ululu unachepa, koma ena mwa agaluwo zoyeza za chiwindi zinakwera. Malamulo ake amasiyana dziko ndi dziko, ndipo chamba chenicheni, chimene chili ndi chinthu chozunguza mutu chotchedwa THC, chimaledzeretsa ndi kudwalitsa galu. Turmeric, ufa wachikasu wokometsera ndiwo, salowa bwino m'magazi, amatha kupweteketsa m'mimba, ndipo sayenera galu amene akutaya magazi.

Za bowa wotchedwa turkey tail mudzazimva ndithu ngati galu wanu ali ndi khansa. Mbiri yake inachokera pa kafukufuku wa mu 2012 pa yunivesite ya Pennsylvania, wa agalu 15 okha. Atabwereza ndi agalu ambiri, zotsatira za mu 2022 sizinaonetse phindu limene anthu ankayembekezera. Ndimafotokoza zimenezi kuti muone mmene nkhani yaing'ono imakulira ikafika kwa ogulitsa. Za homeopathy, njira yogwiritsa ntchito mankhwala osungunulidwa mobwerezabwereza m'madzi, bungwe loyang'anira madokotala a ziweto ku Britain, Royal College of Veterinary Surgeons, linanena mu 2017 kuti njirayi ilibe umboni wovomerezeka ndipo isachedwetse chithandizo chenicheni.

Zina n'zoopsa basi. Mafuta a tea tree amadwalitsa galu ngakhale ongopaka pakhungu. Njere za apricot, zimene ena amagulitsa ngati mankhwala a khansa, zimatulutsa poizoni wa cyanide m'thupi. Chitsamba chotchedwa St John's wort chimasokoneza mankhwala ena ambiri. Ndipo aliyense amene akukuuzani kuti musiye mankhwala a dokotala kuti ake agwire, kapena kuti kusanza ndi umboni wakuti zoipa zikutuluka, musiyeni ndi botolo lake.

7. Pogona pake

Galu amene sakudzuka yekha agone pofewa, pouma, pafupi ndi pamene anthu amakhala. Mutembenuzeni maola anayi alionse, ndipo muziyang'ana m'chiuno, m'zigongono ndi m'mapewa, chifukwa zilonda zimayambira m'menemo ngati kufiira chabe. Mkodzo ukakhalitsa pakhungu umawotcha, ndiye mutsukeni ndi madzi ofunda n'kumupukuta aume. Pomutulutsa panja, kolekani thaulo kunsi kwa mimba yake mugwire nsonga zonse ziwiri, iye aziponda yekha mmene angathere. Akatha tsiku lathunthu osakodza, thamangani naye. Valani magolovesi potola zoipa zake ngati walandira mankhwala a khansa m'masiku atatu apitawo. Ndipo mutulutseni akawothe dzuwa ndi kununkhiza mphepo, ngakhale monyamula. Galu wanga ankadya bwino akachokera panja kuposa nthawi ina iliyonse.

8. Werengani masiku abwino ndi oipa

Madzulo alionse ikani chizindikiro m'kope: lero linali tsiku labwino kapena loipa. Dokotala wa khansa ya ziweto Alice Villalobos anakonza muyeso wa zinthu zisanu ndi ziwiri umene ambiri amaugwiritsa ntchito: ululu, kudya, kumwa, ukhondo, chisangalalo, kuyenda, ndiponso ngati masiku abwino akuposa oipa. Chilichonse mumachipatsa mapointi osapitirira 10, ndipo zonse pamodzi zikapitirira 35 ndiye kuti moyo wake ukadali wopiririka. Pa zonsezo, kupuma movutikira ndi ululu umene mankhwala alephera zimalemera kuposa zina.

Lembaninso lero, akadali ndi mphamvu, zinthu zitatu zimene galu wanu amazikonda kwambiri. Wanga zinali kundichingamira pakhomo, kugona padzuwa ndi kutsatira mwana wanga kulikonse. Ndinagwirizana ndi dokotala kuti ziwiri zikadzatha osabwereranso, tidzakambirana za jakisoni womugoneka mosamva ululu. Funsani zimenezi pasadakhale: zimachitika bwanji, angabwere kunyumba kodi, nanga zikavuta usiku muimbire ndani. Amayamba amupatsa mankhwala ogonetsa, kenako jakisoni wachiwiri amaimitsa mtima m'mphindi zochepa, ndipo mukhoza kumugwira mutu mpaka kumapeto.

M'mwezi wa 14, kope langa linaonetsa masiku oipa asanu ndi limodzi pa mlungu umodzi. Anali atasiya kudzuka ndikafika, ndipo ndikamuika padzuwa ankangonjenjemera. M'kabati munali mutatsala mabotolo awiri amene ndinali ndisanayese. Sindinawatsegule. Ndinaimba foni m'mawa, ndinamuwiritsira nkhuku imene kwa chaka chathunthu ankangolawa pang'ono chifukwa cha impso, ndipo anadya zidutswa zitatu padzanja langa dokotala asanafike.